Mankhwala a M'mbale

Nadontho anazimitsa magetsi, anakoka katani wakuda, n'kukhala pansi kutsogolo kwa maikulosikopu. Kunja dzuwa linali likuswa mtengo, koma m'kachipinda aka munkafunika mdima, poti utoto umene amathira m'maselo sugwirizana ndi kuwala. Msana unkamuwawa pamalo pomwe paja unkawawa chaka chatha. Mpando nawo unali wotsimphina. Anadandaula za mpandowo mpaka pakamwa kuuma, kenako anangopinda katoni n'kuika kunsi kwa mwendo waufupiwo.

Pa kompyuta panadzaza timadontho tobiriwira tothinana. Amenewo anali maselo a khansa ya kapamba, okulira m'kambale kagalasi kosaposa chivindikiro cha botolo la mafuta odzola. Ankaphethira. Ili likayaka n'kuzima, linzake linkayaka, lina kutali uko n'kuyankha.

Anthu amadziwa kashiamu wa m'mafupa basi. Komatu selo lililonse la m'thupi limasungako wake pang'ono m'kankhokwe ka m'kati mwake, ndipo likafuna kuchita kanthu, kaya kugawikana, kaya kutulutsa madzi ogayira chakudya, limatsegula kankhokweko pang'ono n'kutsekanso msangamsanga. Kashiamuyo akatuluka, utoto uja umawala. Kuphethira kumeneku ndiye malankhulidwe a maselo, ndipo ntchito ya Nadontho zaka zonsezi inali kukhala mumdima n'kumamvetsera miseche yawo.

Dzina loti Nadontho anamupatsa ndi achimwene ake, a Mabuleki, dalaivala wa basi amene anamulera makolo awo atamwalira. Tsiku limene anawafotokozera za ntchito yake, iwo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa kuti, "Ndiye sukulu yonse ija, mathero ake n'kudontheza timadzi m'mbale?" Dzinalo linamumatirira mpaka ku labu komwe.

Anatenga kachubu. M'menemo munali mankhwala ochokera ku khungwa la mtengo wina wa m'tchire, khungwa losinjidwa, loviikidwa, losefedwa kambirimbiri mpaka kutsala kaufa kosadzaza n'chikhadabo chomwe. Anadontheza dontho limodzi. Poyamba panalibe chochitika. Kenako selo la pakona linayaka osazimanso, linzake chimodzimodzi, mpaka kambale konse kanangoti ngwee. Mankhwalawo ankatsegula kankhokwe kaja n'kukana kuti katsekeke. Kashiamu ankasefukira, maselo n'kutupa, n'kuchita matuza, n'kufa. Anali ataziona kambiri zimenezi, ndipo mtima sunkadumphanso ngati tsiku loyamba.

Foni inanjenjemera m'thumba la jasi lake loyera. Anali alamu ake, akazi a a Mabuleki.

"Alamu, achimwene anu akananso."

"Akana chiyani?"

"Kuchipatala. Tsiku lija anatipatsa loti akawaike kapaipi ndi mawa. Akuti sapita. Akuti asakawavutitsire chabe m'mimba pomwe mankhwala enieni ali m'njira."

Nadontho anatsinzina. Khansa ya a Mabuleki inali ya kapamba yomweyo. Chotupa chinali chitatseka njira ya ndulu, maso ndi khungu n'kusanduka zachikasu, thupi lonse n'kumayabwa usana ndi usiku. Madokotala ananena mosabisa kuti kuchotsa chotupacho sikungathekenso, koma kapaipi kakang'ono kangatsegule njirayo kuti munthu azidya, azigona, akhale ndi miyezi ina yooneka ngati moyo. Popanda kapaipiko, ndulu ikanangodzaza m'magazi n'kuwamaliza msanga.

"Mankhwala ake atinso, alamu?" anafunsa, ngakhale ankadziwa.

"Aaa, musandifunse ngati mlendo. Anuwo. A pa vidiyo aja."

Ee, vidiyo ija. Aliyense wogwira ntchito imeneyi amalidziwa lamulo lake, amaliphunzira asanadziwe n'komwe kagwiridwe ka chubu: maselo odwala akafa usaombe m'manja, uyambe waona zimene mankhwalawo achite ku maselo abwinobwino. Nadontho mwiniwakeyo ankaliphunzitsa kwa ongoyamba kumene, mawu atakhwima. Koma sabata imene mankhwala a khungwa anagwira koyamba, patapita zaka akudontheza zinthu zosachita kanthu, anapita kukaona achimwene ake n'kuwapeza atayang'ana kukhoma, osalankhula ndi munthu. Analibe chowapatsa. Anangotulutsa foni n'kuwaonetsa kambale kakuyaka.

"Timeneti n'tichiyani?" a Mabuleki anafunsa tsiku limenelo.

"Maselo a khansa, achimwene."

"Ngati yangayi?"

"Mtundu wake womwewo."

"Ndiyetu akufa."

"M'mbale, achimwene. Akufa m'mbale."

Za mbalezo a Mabuleki analibe nazo ntchito. Anadzuka, anamwa tiyi, anameta ndevu, n'kupempha kuti vidiyoyo aitumize pa foni yawo. Nadontho anatumiza. Nanga akanakana bwanji, munthu akumwetulira koyamba chidwalire?

"Ndayesa kulankhula nawo, ndatopa," alamu ake anapitiriza pa foni. Mawu awo anali a munthu wosagona. "Ine ndangosanduka wailesi m'nyumba muno, ndimalankhula ndekha. Tamverani, alamu. Bweretsani chilichonse. Ngakhale madzi a pampopi, bola akhale m'kabotolo ka kuntchito kwanuko. Muwauze kuti mankhwalawa amagwira bwino munthu akaikidwa kaye kapaipi. Inuyo akumverani."

"Alamu, kunamiza munthu wodwala..."

"Nanga vidiyo ija inali chiyani?"

Alamu anadula foni osadikira yankho.

Chitseko chinagogodedwa, ndipo a Pulofesa, mkulu wa labuyo, analowa chammbali kuti kuwala kusawatsatire. Anali munthu wa imvi, woyenda ngati akuopa kudzutsa mwana. M'manja anali atanyamula kabokosi ka ayisi.

"Afika anzathu aja," anatero. "Tichite changu, awa sachedwa kufa okha."

Anali maselo a kapamba wabwinobwino, ochokera ku mbewa zoyera zimene amaweta pochita kafukufuku. Maselo a khansa ndi aliuma, ukhoza kuwaweta m'mbale zaka ndi zaka bola uziwadyetsa. Abwinobwino ndi amanyazi. Ukawachotsa m'thupi m'mawa, madzulo apita. N'chifukwa chake ankapezeka mwa apo ndi apo, chilolezo chikatuluka, ndipo ichi anachidikira miyezi. Nadontho anawathira utoto, anadikira kuti ulowe, n'kuwaika pansi pa maikulosikopu.

Anali okongola, abale. Ankaunjikana timagulu ngati njere za papaya, ndipo kuphethira kwawo kunali kodekha, kumayambira kumapeto kumodzi n'kuyenda pang'onopang'ono kudutsa selo lonse. Sankachita phuma ngati a khansa aja.

Pa ntchito imeneyi machubu amakhala awiri nthawi zonse. Lina limakhala ndi mankhwala, linzake ndi madzi okhaokha osungunulira mankhwalawo, kuti pakachitika kanthu udziwe kuti achita ndi mankhwala, osati madziwo. Onse awiri amaoneka chimodzimodzi, timadzi tofiirira ngati tiyi wopepuka. Kusiyana kwake ndi kachizindikiro kakuda pa chivindikiro cha chubu la mankhwala basi. Nadontho anayamba ndi la madzi okha. Maselo sanasinthe, anapitiriza nkhani zawo.

Anatenga la kachizindikiro. Anadontheza.

Sizinachedwe n'komwe. Dontho lisanafalikire bwino, gulu loyamba linali litayaka kale, kuwala kwake kuposa kwa maselo a khansa. Maselo amenewa amakhala odzaza ndi madzi ogayira chakudya, otsekeredwa bwinobwino m'timatumba, kudikira kuti akatulukire m'matumbo. Kashiamu atasefukira, timatumbato tinatsegukira m'kati momwemo. Maselo anayamba kudzigaya okha. Pa kompyuta panangooneka timabowo takuda tikukula pakati pa kubiriwirako, kenako njere za papaya zija zinasungunuka.

"Chepetsani mlingo," a Pulofesa anatero chapansipansi.

Anachepetsa. Anatenga kambale kena, n'kuchepetsanso. Anapitiriza choncho mpaka khosi linauma gwaa, maso n'kumatuluka misozi chifukwa cha kuyang'anitsitsa. Pomaliza anafika pa mlingo umene maselo abwinobwino anaupirira. Anautengera ku maselo a khansa. Iwo anangophethira monga mwa masiku onse, ngati wawathira madzi akumwa.

A Pulofesa anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi. "Zimenezinso ndi zotsatira," anatero. "Taphunzirapo kanthu. Mwina anzathu a zosakaniza mankhwala angasinthe kapangidwe kake kuti azisankha woti amenye. Zitenga zaka, koma mwina." Anavalanso magalasiwo. "Achimwene ali bwanji?"

"Ali choncho."

"Werukani msanga lero."

Atatuluka, Nadontho anakopera vidiyo ya tsikulo pa foni yake, anataya timbale m'chidebe cha zowotcha, anapukuta tebulo ndi sipiriti, anaphimba maikulosikopu. Sanalire. Anangomva kutopa kofika m'mafupa, kutopa kwa munthu amene wakankha galimoto mtunda wonse n'kupeza kuti kumtundako kulinso mtunda wina. Anaima kutsogolo kwa firiji nthawi yaitali, chitseko chili chotsegula, mpaka inayamba kulira kuti aitseke. Chubu la madzi okha linali pomwepo pa thireyi. Munalibe choopsa m'menemo, madzi, kamchere pang'ono ndi kamtundu. Munthu atamwa sangamve ndi m'mimba momwe. Analitenga, n'kulikulunga m'tishu, n'kuliponya m'thumba la siketi.

Basi imene anakwera inali yodzaza ndi anthu oweruka. Dalaivala wake anali wachinyamata, woponda mabuleki ngati akupha mphemvu, ndipo pa siteji iliyonse anthu ankagundana mitu n'kumatukwana. A Mabuleki akanakhalamo akanamudzudzula mpaka kumutsitsa. Dzina lawolo linabwera chifukwa cha zimenezo. Pa depoti ankadziwika kuti munthu ungamwe tiyi m'basi yawo osatayika, ndipo aliyense wophunzira kuyendetsa ankamuuza nkhani imodzi yokha, ya mabuleki, mpaka ophunzirawo anaiwala dzina lawo lenileni. Nadontho anagwira chitsulo ndi dzanja limodzi, linalo lili pathumba.

M'njira monsemo ankayeserera mawu. Supuni imodzi m'mawa, koma kapaipi kakhale kataikidwa. Amagwira pang'onopang'ono, achimwene, musayembekezere kusintha lero lomwe. Anadabwa kuti mawuwo ankabwera mosavuta. Bodza la munthu wophunzira limakhala losalala kwambiri.

Anapeza alamu ake kuseri kwa nyumba akuanula zofunda. Pa nsalu yoyala pabedi panali timadontho ta magazi tosachoka ndi sopo, ta m'mene achimwene ankadzikandira. Alamuwo anali ataonda nawo limodzi, diresi likungolendewera. Sanapereke moni. Anayang'ana nkhope ya Nadontho, kenako thumba.

"Mwabweretsa?"

Nadontho anagwedeza mutu kuvomera.

Mapewa a alamu anatsika. "Zikomo," anatero. "Tchimolo likhale langa, alamu, lisakhale lanu. Lowani, ali maso."

M'chipinda munkanunkha mafuta oziziritsa khungu. Fani inkazungulira pampando, ikukankha mpweya wotentha uku ndi uku. A Mabuleki anali atatsamira mapilo, opanda malaya, foni ili pachifuwa. Munthu uja amene ankadzaza chitseko tsopano nthiti zinkawerengeka, ndipo manja onse anali mizere yokhayokha ya zikhadabo. Koma maso, achikasu choncho, anali owala.

"Nayu dokotala wa mbale!" anafuula. "Khala apa. Iwenso ndiye ukuoneka ngati wodwala ndiwe. Kodi kuntchito kwanuko amakumenyani?"

"Mwaswera bwanji, achimwene?"

"Ndaswera kukanda. Ndikangochira ndikafunsira ntchito yoimba gitala, zala zazolowera." Anaseka, n'kugwira pamimba. "Mlamu wako wakuuza zoti ndine wamakani, eti? Ndamumva akunong'ona kuseriko. Amaiwala kuti chodwala ndi mimba, makutuwa ali bwino."

"Akuti mwakana kupita mawa."

"Ndakana, inde. Injini ikafuna kutsitsidwa sumataya nthawi kumata paipi ya utsi. Iwe ndiye makaniko amene ndikudikira." Anamuyang'ana mwachidwi ngati mwana woona mlendo atanyamula jumbo. "Lero nkhope yako ili ndi nkhani. Wabwera nawo?"

Alamu anali ataima pakhomo, zofunda zili m'manja. Nadontho analowetsa dzanja m'thumba. Chubu linali litafunda ndi thupi lake. Mawu aja anali okonzeka pamilomo.

"Koma ndikhulupirira wabwera nawo ochulukirapo," a Mabuleki anatero, "chifukwa tilipo awiri."

"Awiri?"

"Pali mnzanga. Mphunzitsi. Tinadziwana pabenchi kuchipatala kuja, podikira dokotala. Matenda athu ndi amodzi, kungoti iyeyo anamupeza msanga, anamupanga opaleshoni, ndiye amamuika madiripi aja othothola tsitsi. Ndinamuonetsa vidiyo yako. Iwe, munthu analira! Akuti chiyambire sanaonepo chinthucho chikufa, amangomva kuti chimapha." A Mabuleki anakanda pachigongono, akumwetulira. "Tinapangana kuti zikafika tigawana pakati. Moti iyeyo madiripi aja wayamba wawasiya, akuti amangomusanzitsa chabe, bola adikire zenizeni. Ali ndi ana aang'ono, iwe. Womaliza sanayambe n'komwe sukulu."

"Wasiya liti?"

"Ulendo wathawu sanapite. Winawo ndi sabata yamawa, akuti sapitanso."

Fani inazungulira, inabwerera. Nadontho anali atakonzeka kunamiza munthu mmodzi, wake, amene madokotala anali atamulephera kale. Uyu winayu anali ndi mwayi, wochepa kaya wochuluka, ndipo ankautaya chifukwa cha kambale ka mumdima kamene iye anajambula ali wosangalala. Akanati atulutse chubulo, theka la madzi amcherewo likanakwera basi mawa lomwe kupita kwa mphunzitsiyo.

"Aphunzitsiwo tidzawaganizira pambuyo," alamu analowerera msanga. "Ayambe bambo kaye, tione. Si choncho, alamu?"

Maso awo ankachonderera. Nadontho anawayang'ana, ndipo anawamvera chisoni kwambiri, chifukwa ndi iwo amene ankachapa zofundazo. Anatulutsa dzanja m'thumba lopanda kanthu, n'kutenga foni yake m'chikwama.

"Achimwene, pali vidiyo ina. Ya lero."

"Alamu!"

"Asiye," a Mabuleki anatero. "Bweretsa tione."

Nadontho anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuwagwirira foniyo pafupi. Pa galasi panaoneka timagulu tija, tikuphethira modekha.

"Awa ndi okongolatu. Ndi ati?"

"Abwinobwino. Ngati amene atsala mwa inu, amene akukugayirani tiyi mumamwayo."

Dontho linagwa. Kuwala kunabuka, timabowo takuda tinakula, timagulu tinasungunuka. A Mabuleki sanaphethire mpaka vidiyo inatha. Anaigwira ndi chala kuti iyambirenso, n'kuionanso yonse.

"Mankhwala ake ndi omwe aja?"

"Omwe aja."

"Ndiye awa afa msanga kuposa oipa aja."

"Ee. Mutamwa, kapamba wanu angayambe kudzigaya yekha. Ululu umene muli nawowu ungakhale wamasewera."

"Nanga mukachepetsa?"

"Tachepetsa tsiku lonse la lero. Pamene abwino apirira, oipawo sakumva n'komwe."

A Mabuleki anatsitsa foniyo pa bulangete. Anayang'ana kudenga, kumene kunali banga la mvula ya chaka chatha. "Ndiye ili ngati basi yoduka mabuleki pamsika," anatero. "Wakuba imugunda, inde, koma ndi ogulitsa tomato omwe."

"Ndi choncho."

"Mukonza?"

"Tiyesa. Mwina zitheka, mwina ayi."

"Liti?"

"Zaka, achimwene. Zambiri."

"Ine kulibe."

Nadontho anafuna kunena kuti zimenezo amadziwa ndi Mulungu, monga amanenera anthu. Koma anali atayamba kale kunena zoona, ndipo pobwerera panalibe. "Kulibe," anayankha.

"Nanga unandionetseranji poyamba paja?"

Sanafunse mokalipa, ndipo n'zimene zinapweteka kwambiri.

"Munali mutayang'ana kukhoma. Ndinkafuna mudzuke."

"Ndinadzukadi." Anakanda pang'onopang'ono pamkono, pamalo pomwe panali potupa kale. "Ndinadzuka, ndinameta, mpaka ndinauza anyamata a ku depoti kuti basi yanga asaipereke kwa wina. Ha! Koma ndiye aseka."

Misozi ya Nadontho inayamba pamenepo. Inali ya manyazi ndi chisoni pamodzi, ndipo sanaipukute. A Mabuleki anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako maso awo anatsikira pa siketi.

"Nanga icho chatukula thumbacho n'chiyani? Dzanja lako linali pomwepo chilowere."

Anatulutsa chubulo, n'kulichotsa m'tishu. Timadzi tofiirira tinagwedezeka.

"Madzi."

"Madzi enieni?"

"Ndi kamchere pang'ono."

A Mabuleki anayang'ana chubulo, anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana akazi awo pakhomo paja. Kenako anayamba kuseka. Anaseka mpaka kupindika, dzanja lili pamimba, misozi ikutsika m'masaya okumbikawo. "Mayo ine! Nzeru zimenezi ndazidziwa mwini wake. Mayi, ndinu! Zaka zonsezi mumandithirira madzi m'botolo la mowa kuti ndisaledzere, lero mwafika pothira m'mankhwala?"

"Ndimafuna mupite kuchipatala basi," alamu anatero. Mawu awo anathyoka. "Ndatopa kukuonani mukudzisenda khungu. Ndatopa, bambo."

Kuseka kunatha. M'chipinda munangotsala phokoso la fani ndi la ana a pa nyumba yoyandikana akukankhana ndi mpira pakhoma. A Mabuleki anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. Atalankhulanso, mawu awo anali ophwa, a munthu wongofunsa nthawi ya basi.

"Kapaipiko kamathetsa kuyabwaku?"

"Kawirikawiri kamathetsa," Nadontho anayankha. "Chikasuchi chimatsika, ndipo mukhoza kumadyako."

"Koma sikachiza."

"Sikachiza."

"Chabwino. Mayi, malaya oyera aja asitidwe. Tilawire, mzere wa kumene kuja suseka ndi munthu."

Anatembenuka pang'onopang'ono, akuteteza mimba, n'kuyang'ana kukhoma.

Alamu anaika zofunda pampando. Podutsa pafupi ndi Nadontho anaima, osamuyang'ana, n'kunena chapansipansi, "Akanapitabe, alamu. Ndi timadzi tanuto akanapitabe, koma akanapita akuseka." Anatuluka. Posakhalitsa kunamveka thabwa lositira likutambasulidwa m'khonde, ndi kufwenthera kobisa.

Nadontho anadziwa kuti zinali zoona. Anakhala pabedi pomwepo, chubu lili m'manja, akuyang'ana msana wa achimwene ake. Msana umenewo unamubereka popita kuchipatala ali mwana, atapsa ndi madzi otentha. Tsopano mafupa ake ankaoneka limodzilimodzi. Anatenga botolo la mafuta oziziritsa aja pawindo, anathira m'manja, n'kuyamba kuwapaka kuyambira m'mapewa. Iwo sanakane, sanathokozenso.

Dzuwa linali litapendeka, kuwala kwake kukulowa chammbali pa katani, pamene a Mabuleki analankhulanso, nkhope ikadali kukhoma.

"Tenga foni yangayo."

Anaitenga.

"Muli dzina loti Aphunzitsi. Uwaimbire."

"Panopa?"

"Panopa. Sabata yamawa si kutali. Ine ndinawauza ngati munthu wodziwa zinthu, ndinachita kudziguguda pachifuwa kuti mlongo wanga ndi katswiri. Pakamwa pangapa sipangathe kubweza zimenezo. Uwauze iwe, ndipo uwauze zonse monga wandiuzira inemu. Usawachepetsere mlingo."

Nadontho anapukuta mafuta m'manja, n'kutuluka ndi foniyo panja. Anakhala pa sitepe ya khomo lakumaso. Simenti inali ikadali yotentha. Chimene ankafuna pa dziko lonse chinali kugona pomwepo osalankhulanso ndi munthu. Anapeza dzinalo, n'kudina.

Inangoitana kamodzi. Kumbali inayo kunamveka wailesi, mbale zikugundana, ndi kamwana kakuimba nyimbo yosadziwika mutu wake. Kenako mawu a bambo, opepuka, achimwemwe, a munthu amene wakhala akuyang'ana foni tsiku lonse.

"Mabuleki, m'bale wanga! Tandiuzani, achemwali aja afika?"

Nadontho anakoka mpweya, n'kuika chubu lija pansi pambali pa phazi lake.

"Ndafika, aphunzitsi," anatero. "Ndine mlongo wawo. Tachepetsani wailesiyo pang'ono, ndikufotokozereni bwinobwino."